Chivomezi Sichipha, Chimapha ndi Khoma

Pali bodza limene ife Amalawi timalikonda, lakuti chivomezi ndi mkwiyo wa Chauta, kotero munthu sangachitepo kanthu koma kugwada ndi kulira. Bodzali limakoma m'kamwa mwa akuluakulu chifukwa limawachotsera mlandu. Ine ndikuti ayi! Nthaka ikagwedezeka sipha munthu. Chimene chimamupha ndi khoma lomangidwa mwachinyengo, pa malo amene palibe anawayeza.

Tikumbutsane. Pa 10 Malichi 1989 chivomezi chinagwedeza boma la Salima. Anthu 9 anafa, ena pafupifupi 50,000 nasowa pogona. Patapita zaka 20, mu Disembala 2009, Karonga ananjenjemera kwa milungu iwiri, ndipo chachikulu cha zivomezizo chinafika pa muyeso wa 6.0. Anthu anayi anafa, mazana anavulala, nyumba zikwizikwi zinagwa kapena kung'aluka. Zambiri mwa izo zinali za njerwa zomangira dothi, zopanda lamba wa simenti ndi zitsulo womanga makoma onse pamodzi pamwamba pa mazenera. Kodi ameneyo ndi Chauta?

Tsono Karonga si tauni wamba. Ndi kumene Mlozi, wogulitsa akapolo uja, anapachikidwa mu 1895, ndiponso kumene kuli manda a asilikali amene anafa pa nkhondo ya Angerezi ndi Ajeremani mu 1914. Tsikani nayo nyanja: ku Nkhotakota kuli mzikiti wakale ndi mtengo umene David Livingstone anakumanirana ndi Jumbe, pa Likoma pali tchalitchi cha St Peter's chimene anayamba kumanga mu 1903, ku Mangochi kuli nsanja ya koloko ya Mfumukazi Victoria. Zonsezi zakhala m'chigwa chimene chinabadwa ndi kung'aluka kwa nthaka. Nyanja yeniyeniyo ndi mwana wa mng'aluwo, ndipo nthaka sinasiye kukokana. Mng'alu wa Bilila-Mtakataka wokha ndi wotalika makilomita pafupifupi 100.

Wina anena kuti zivomezi zathu ndi zazing'ono. Afunse anthu a ku Agadir, doko lakale la ku Morocco. Chivomezi cha kumeneko mu 1960 sichinapose cha ku Karonga mphamvu, koma chinapha anthu oposa 12,000 ndi kugwetsa linga lakale la mzindawo, chifukwa chinapeza makoma olemera, osalimba, ndi anthu othithikana ali mtulo.

Ife a kwa Njombwa timamva nkhanizi ngati za eni ake a kunyanja. Timati tili kumtunda, kuchidikha cha fodya. Tikuiwala kuti Bua amene timawoloka amakathira ku Nkhotakota komweko, ndipo nthaka ikamagwedezeka sifunsa malire a boma. Taonani zimene timachita ndalama zikatuluka ku okushoni ya Chinkhoma: tiumba njerwa, tiotcha, timangira dothi, tikhoma malata, ndipo matumba ochepa a simenti tipakira kunja kuti odutsa atitame. Nyumba ya agogo, ya mitengo yomangidwa ndi luzi ndi kumatidwa dothi, inkatha kupendama ndi kubwerera. Yathuyi imadziwa chinthu chimodzi: kugwera ana. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mu 2010, Karonga atagwa, boma linatulutsa malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba. Chabwino. Koma kodi mmisiri wa kumudzi kwanu anawaonapo? Kodi anamuwerengera ndani m'chinenero chake? Kugawa mabulangete maliro atachitika nkosavuta, ndipo kumakoma pa wailesi. Kuyeza khoma lisanagwe sikuimbitsa munthu m'manja.

Nanga ife pano pa koleji? Timalemba ndakatulo za Napolo, timakangana za mafanizo mpaka usiku, koma ndi angati amene anakayang'anapo ming'alu ya makoma akale a ku Nkhotakota? Aphunzitsi athu a mbiri yakale ndi a sayansi ya nthaka, titumeni pa tchuthi tikayeze, tikajambule ndi kulemba nyumba zimenezi zikadali chilili. Anzanga, timasulire malangizo aja m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'Kyangonde, tikawapereke m'manja mwa amisiri. Ndipo bambo anu akafuna kumanga chaka chino, auzeni kuti simenti iyambe yapita ku lamba wa nyumba, zopakapaka zibwere pambuyo.