Nthabwala si Umboni: Mlandu wa Nthondo

Achinyamata anzathu, pali mawu amene akuyenda pakati pa ophunzira kuno ku Santhe, akuti buku la Nthondo ndi ulaliki wa m'tchalitchi umene udangovekedwa chikuto. Akatero anthu amaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Ife tikukana kuti ithere pomwepo.

Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, adalemba bukuli ndipo lidasindikizidwa mu 1933. Lidapata mphotho pa mpikisano wa mabuku olembedwa m'zinenero za mu Afirika, ndipo mu 1934 T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi. Mbiri imeneyi siliteteza ku chidzudzulo. Buku lililonse liyenera kuweruzidwa. Koma woweruza ayambe waliwerenga.

Ife ana a alimi a fodya tikudziwa bwino zimenezi. Belo likafika ku okushoni ya Chinkhoma, amalitsekula, kuona tsamba ndi kuligwira asanatchule mtengo. Wogula atalikana belo ali chapatali, chifukwa choti wapeza mawu oseketsa onena za chiguduli chake, mlimi aliyense angati wachitiridwa nkhanza. Nanga thukuta la mlembi tilipeputsiranji?

Kodi m'nthabwalayi mulibe choona? Chilimo pang'ono. Nthondo, wakuba uja amene adapita kukagwira ntchito kunja, adabwerera, n'kulowa ufumu, n'kutembenuka mtima, ndipo bukuli lidatuluka m'manja mwa amishoni. Wina angafunse ngati kutembenukako kukuchokera mu mtima wa mpangankhani kapena mlembi adangomukankhira. Limeneli ndi funso lolemera. Koma wofunsayo atisonyeze mutu ndi tsamba, afotokozenso chifukwa chake mlaliki adatayira masamba ochuluka pa miyambo ya kubadwa, maliro ndi ufumu wa Achewa.

Mu 1975 Chinua Achebe adadzudzula buku la Joseph Conrad, Heart of Darkness, kuti limanyoza Mwafirika. Mawu ake adali akuthwa, koma adatchula ndime za m'bukumo imodzi ndi imodzi. N'chifukwa chake ngakhale omutsutsa adakakamizika kutsekulanso bukulo.

Choncho nthabwala yopanda umboni tiilandire ngati funso chabe. Ikakana kuyankha tikaifunsa kuti "pa tsamba liti?", tiisiye. Choopsa n'chakuti wophunzira amene waseka amadziona ngati wamaliza kuwerenga, ndipo buku limene agogo athu adatisiyira m'chinenero chathu limatsekedwa lisanatsekulidwe.

Ng'oma yolilitsa sichedwa kung'ambika. Sabata ino bwerekani Nthondo, muliwerenge mpaka kumapeto. Mukadzabwera kudzalitsutsa, mubwere ndi tsamba m'manja, ndipo tidzakumverani mwaulemu.