Makope anga a mafilimu asapite pamoto

Patchuthi chapitachi nditafika kwathu kwa Kasakula, m'boma la Ntchisi, ndinapeza mayi atatulutsa makope anga asanu ndi awiri kuti aziyatsira moto. "Mwanangu, muli za mafilimu zokhazokha umu, zilibe ntchito," iwo anatero. Ndinawapempha kuti andisungirebe. Kuyambira mu 2013, ndili mu Sitandade 8, ndakhala ndikulemba maganizo anga pa filimu iliyonse imene ndaonera. M'chimangirizo chino ndikufuna kutsutsa mwaulemu mayi anga pamodzi ndi anzanga ena amene amati kulemba zoterezi n'kutaya nthawi.

Choyamba, makopewa akusunga mbiri imene palibenso wina akuisunga. Kope loyamba ndi lochititsa manyazi ndithu. Nditaonera Commando, filimu ya mu 1985 ya Arnold Schwarzenegger, ndinangolemba kuti, "Ameneyu ndiye mwamuna, sangafe." Koma pansi pake ndinalembanso za kanyumba kamene tinkaoneramo pamsika: mabenchi othinana, chinsalu chakuda pakhomo, injini ikulira kuseri, ndiponso phokoso la anthu pamene Aki ndi Pawpaw a ku Nigeria ankaputa akuluakulu. Ndinalemba nthabwala za womasulira amene ankaika mawu a Chichewa m'kamwa mwa azungu ndi Atchaina, mpaka msilikali wa ku America n'kumadandaula za ndiwo. Lero kanyumbako akugulitsiramo feteleza, ndipo ang'ono anga amaonera pafoni, aliyense payekha. Kodi akadzafunsa kuti tinkaonera bwanji, adzawerenga kuti?

Chachiwiri, makopewa amandisonyeza mmene maso anga akulira. Mu 2019 kunatuluka The Boy Who Harnessed the Wind, filimu ya Chiwetel Ejiofor yofotokoza za William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu, boma loyandikana ndi lathu. Pa filimuyi ndinadzaza masamba atatu. Sindinalembe za nkhonya kapena mfuti ayi. Ndinalemba za njala ya mu 2002 imene mayi amaisimba mawu akunjenjemera, za Gule Wamkulu amene ndinakula ndikumuthawa, komanso za Chichewa cha ochita sewero akunja chimene m'malo ena chinkandiluma m'makutu. Kanali koyamba kuti ndiweruze filimu ndili wodziwa zinthu zina kuposa amene anaipanga. Nditabwerera ku makope akale ndinazindikira kuti kwa zaka zisanu ndi chimodzi sindinalembepo za filimu ya m'dziko muno. Chonsecho Shemu Joyah anali atatulutsa kale Seasons of a Life mu 2008, The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017. Popanda kope sindikanauona mpata umenewu.

Ena anena kuti wophunzira chiyankhulo aziwerenga mabuku, osati kulemba za zisudzo za pakanema. Ena anena kuti zolemba za mwana wa pulayimale zilibe nzeru. Ndikuvomera kuti masamba ambiri ndi achibwana, ndipo ena ali ndi zilembo zolakwika. Komabe m'masamba omwewo ndi mmene ndinayambira kulimbana ndi chiyankhulo changa. Ndinkafuna kunena kuti chiyambi cha nkhani chinali chozizira, kuti mpangankhani wamkulu sanasinthe, kuti mathero anafika mwadzidzidzi, ndipo ndinayenera kupeza mawu ake m'Chichewa. Pamene aphunzitsi anadzatiphunzitsa za tsatanetsatane wa nkhani ku sekondale, ine ndinali nditayamba kale kuchita zimenezi osadziwa dzina lake.

Ndemanga zambiri za mafilimu zimene timawerenga zimalembedwa m'Chingerezi. Woonera wa kwa Kasakula, kwa Malomo kapena ku Mponela amaseka, amakwiya, amatsutsana ndi anzake pobwerera kunyumba, koma mawu ake amathera m'njira. Ngati ife ophunzira ziyankhulo sitiyamba kulemba maganizo amenewa m'Chichewa, opanga mafilimu athu apitiriza kusamva zimene oonera ambiri akuganiza.

Paja amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Ine ndaona kuti ngakhale a mwana amagonera ndithu, bola alembedwe. Choncho anzanga, gulani kope, lembani tsiku, dzina la filimu ndi zimene mwaganiza, ngakhale mizere iwiri yokha. Makope anga ndawabweretsa kuno kusukulu, ndipo mayi ndinawasiyira bokosi la machesi ndi mtolo wa nyuzipepala zakale.