CHITOLOKOSI SI CHIPATALA

Anzanga, ndakwiya ndipo sindibisa. Pa tchuthi chapitachi ndinaona mnyamata atamangidwa unyolo pamsika wakwathu, anthu ali phwete kuseka. Mlandu wake? Anavula malaya nayamba kukalipira anthu osaoneka. Anakagona m'chitolokosi masiku atatu pamodzi ndi mbava, mayi ake akungozungulira panja ndi kambale ka nsima. Mnyamata ameneyu ndinaphunzira naye ku pulayimale, ndipo masamu ankandiposa.

Kodi kudwala kunasanduka mlandu liti? Wodwala malungo timamubereka kunka naye kuchipatala. Nanga wodwala misala walakwanji kuti iye yekha mankhwala ake akhale chibonga ndi loko?

Chizoloŵezichi n'chakale. Mu 1910 atsamunda atafuna posungira odwala misala, anapatula mbali ina ya ndende ya Zomba. Chipatala chenicheni chinadzatsegulidwa mu 1953, koma maganizo athu anatsalira kundende konkuja.

Ena anasintha atapsa zala. Mu 1987, mumzinda wa Memphis ku Amereka, apolisi anaitanidwa kuti akathandize mnyamata wodwala amene ankadzicheka ndi mpeni. Anamuwombera, iye n'kufa. Anthu anakwiya, ndipo mu 1988 apolisi, mabanja a odwala ndi aphunzitsi a m'mayunivesite anakhazikitsa gulu lotchedwa Crisis Intervention Team. Apolisi odzipereka okha amaphunzitsidwa kwa maola 40 kuzindikira matenda, kulankhula modekha ndi kupatsa wodwalayo mpata wopuma. Chachikulu n'chakuti panali chipatala chimene chinavomera kulandira wodwala aliyense wobwera ndi wapolisi, usana ndi usiku, osamubweza pakhomo.

Ndikudziŵa chimene muyankhe: Amereka ndi olemera, ife ndife amphaŵi. Koma maola 40 ndi sabata imodzi yokha ya ntchito! Ndipo kusunga munthu m'chitolokosi nako sikwaulere. Kumadya nthaŵi ya wapolisi, ya khoti ndi ya banja, munthuyo n'kutuluka matenda atakula.

Komabe tisanamizane. Wapolisi wophunzitsidwa bwino, akasoŵa khomo lokasiyako wodwala, adzabwerera naye kuchitolokosi komweko. Zomba ili kutali kwa munthu wa ku Nsanje kapena Chitipa. Khomolo liyenera kukhala pachipatala cha boma lililonse, namwino wodziŵa za misala alipo, mankhwala ali pa shelefu. A St John of God ku Mzuzu anaonetsa kale kuti wodwala angathe kuthandizidwa akukhala kwawo.

Nanga ife? Timalemba maeseyi okometsera a zamalamulo ndi zamaganizo, koma tikakumana ndi wodwala pamsewu timaseka ngati ena onse. Aphunzitsi athu, bwanji osaitana apolisi ndi anamwino kuti tikhale nawo m'chipinda chimodzi, monga anachitira a ku Memphis?

Misala sifunsa digiri. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.