Chigumu cha Amayi Chinalakwanji?

Mnzanga wa kuno ku koleji ananditengera ku bekari ina mu Blantyre kuti ndikalaŵe buledi ndi makeke a "vegan". Ati mulibe dzira, mkaka ngakhale batala. Ndinalaŵa. Kukoma kunalipo, ndisaname, koma ndalama ya kachidutswa kamodzi kwathu ku Lisungwi ukhoza kugula zitumbuwa zodyetsa banja lonse.

Chandiŵaŵa nchakuti mnzanga yemweyu ndiye anandiseka chaka chatha nditamasula chigumu chimene amayi anandikulungira m'nyuzipepala. Amvekere, "Zakumudzitu izi!" Kodi m'chigumumo munali dzira? Munali mkaka? Mgaiwa, nthochi zakupsa, soda ndi kamchere basi, mumphika, makala pansi ndi pamwamba. Liwu loti "vegan" analipeka Donald Watson ndi anzake ku England mu 1944. Amayi sanalimvepo, ndipo mphika wawo sunalidikire.

Tsono inu ophunzira anzanga, chakudya chosoŵa dzira chikakhala m'galasi mukuti chitukuko, chikakhala m'lichero mukuti umphaŵi. Mukugula chiyani, buledi kapena Chingerezi?

Pochokera ku tchuthi ndibwera nacho chigumu china. Amene anaseka uja asadzatambasule dzanja.