Lalanje ndi mlendo, amangwetu

Sabata yatha ndinali pa Mbulumbuzi, kwathu ku Chiradzulu, ndipo ndinapeza mkangano wa dzaoneni. Mayi wina wogulitsa zipatso analemba pa katoni kuti MALARANJE OTSEKEMERA. Kamnyamata kena ka sekondale nkumawaseka pamaso pa makasitomala, ati sadziwa kulemba. Mayi aja manyazi, katoni ija nkuibisa kunsi kwa dengu.

Ndinangoti: "Mayi, tulutsani katoniyo. Iwe mphwanga, takhala pansi ndikuuze."

Pa malamulo a kalembedwe mnyamatayo sananame. R timamulemba pambuyo pa i kapena e, nchifukwa chake timalemba Chiradzulu koma lalanje. Koma za komwe liwuli linachokera, mayi aja ndiwo anayandikira.

Lalanje si liwu la makolo athu ayi. Gwero lake ndi ku India, koma amene analigwira nkulipatsira dziko lonse ndi Aperezi, anthu a dziko lomwe lero timati Iran. Iwowa ankati narang. Aluya, poti g wathuyu m'kalembedwe kawo mulibe, anati naranj. Litafika ku Portugal, n woyamba uja anasanduka l, basi laranja. Apwitikizi aja atakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'ma 1530, mawu awo anayamba kukwera mtunda ndi amalonda. Nsapato, mbatata ndi kapitawo ndi anzake a ulendo womwewo.

Ndiye r wa mayi aja ali ndi zaka mazanamazana. Ndife amene tinamufewetsa, poti lilime lathu silisiyanitsa kwenikweni l ndi r. Mperezi amatsindika kumapeto, na-RANJ, nkutseka pakamwa pomwepo. Ife liwu lothera pa konsonanti sitilifuna, timakoka pakati: la-LAA-nje. Azungu a ku Mangalande ndiye anangotsala ndi orange, wopanda n woyamba uja, koma palibe amawaseka.

Tsono imvani chodabwitsa. Mutapita pa msika ku Tehran nkunena kuti mukufuna naranj, akupatsani lowawasa, lofinyira pa nsomba ngati ndimu. Lotsekemera lija, lomwe inu mumaunjika pa thumba ku Limbe, iwo amalitcha porteghal, kutanthauza Portugal! Apwitikizi anatenga dzina kwa Aperezi, Aperezi nkutcha chipatso dzina la Apwitikizi. Kusinthana kwake ngati kwa chimanga ndi mchere.

Mnyamata uja anafunsa ngati zimenezi zimabwera pa mayeso. Ndinati sindikudziwa, koma agule kaye mulu umodzi wopepesera. Anapisa m'thumba, ndalama zosakwana, ndinachita kumuonjezera ndine.

Pochoka ndinaona katoni ija yabwerera pamwamba pa dengu, r wake ali pomwepo.