Zipsera za m'Minyanga Yakalekale

Amene munaonapo njovu ku Liwonde mukudziwa kuti mnyanga ndi chida chogwirira ntchito. Chida chimaperepeseka, nthawi zina kuthyoka kumene. Lero tikambe za minyanga yakale kutalitali kuposa ya njovu, ya nyama zotchedwa dicynodont.

Nyamazi zinali ndi mlomo wolimba ngati wa kamba, ndipo zambiri zinali ndi minyanga iwiri yoloza pansi. Zina zinali zochepa ngati kalulu, zina zazikulu ngati mvuu. Zinakhalapo zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo, ndipo akatswiri amati ndi abale akutali a nyama zoyamwitsa. Anazitcha dzinali ndi Richard Owen mu 1845, ataona zibade zimene Andrew Geddes Bain, wolambula misewu, anatola ku Karoo ku South Africa. Tanthauzo lake ndi "mano awiri a galu". Musati ndi za kwa eni okha ayi: mafupa ake osanduka miyala anapezekanso ku Chiweta m'boma la Rumphi, ndi kufupi ndi Metangula kutsidya kwa nyanja yathuyi.

Nanga mwala ungatiuze bwanji kuti mwini wake anavulala? Mnyanga weniweni sufanana ndi dzino lanu ndi langa. Umakula moyo wonse, kuwonjezera timizere topyapyala m'kati mwake monga mizere imene timaona pa chitsa cha mtengo. Nyama ikadwala kapena kusowa chakudya, kakulidwe kamadodoma ndipo pamatsala mzere wooneka mosiyana. Kuthyoka nako kuli ndi umboni wake. Mnyanga wothyoka nyama ili moyo umasalala pothyokapo, popeza mwini wake anapitiriza kuugwiritsa ntchito. Wothyoka nyama itafa kale umatsala wakuthwa ngati phale.

Mu 2020 Megan Whitney ndi Christian Sidor anadula minyanga ya mtundu wotchedwa Lystrosaurus, 6 ya ku Antarctica ndi 4 ya ku South Africa, naiyang'ana pa makina okulitsa tinthu tating'ono. Ya ku Antarctica inali ndi mizere yochindikala, yothinana, yosonyeza kuti kukula kunkaima kawirikawiri. Ya ku South Africa sinali choncho kwenikweni. Iwo akuganiza kuti m'miyezi ya mdima, dzuwa losatuluka, nyamazi zinkagona tulo tatitali kuti zisunge mphamvu. Kwa ine mizereyo ndi umboni wogwirika, koma za tulozo ndi ganizo chabe, ndipo eni akewo sanabise zimenezi. Minyanga 10 ndi yochepa.

Chimene chinandigwira mtima ndi cha ku chigwa cha Ruhuhu ku Tanzania, mtsinje umene umathira m'nyanja yathu yomwe ino. Kumeneko kunapezeka nsagwada ya gorgonopsian, chilombo cha mano aatali chimene chinkasaka nyama zinazo zaka 255 miliyoni zapitazo. Ataidula anapeza timano tating'onoting'ono titaunjikana pambali pa muzu wa dzino lalikulu. Ichi ndi chotupa chotchedwa odontoma, ndipo anachilengeza mu 2016. Chotupa chomwechi madokotala a mano amachipeza mwa anthu mpaka lero, kawirikawiri mwa ana ndi achinyamata. Sichipweteka nthawi zambiri, koma chimatsekereza dzino latsopano kuti lisatuluke, ndipo amachichotsa ndi opaleshoni. Chilombo chija chinangoyenda nacho m'kamwa mpaka tsiku limene chinafa.