Nsapato za mwamuna pakhomo si umboni woti mayi waba thandizo

Azimayi anzathu, asisi a m'tauni, lero tiyeni tichoke kaye ku Area 25 ndi ku Ndirande, tipite ku Dowa. Pa Dzaleka.

Taganizirani mayi wa ana atatu. Sititchula dzina chifukwa si mmodzi. Anafika pa kampu ndi mwamuna wake, pa kaundula n'kulembedwa ngati banja limodzi: bambo mutu wa banja, iye ndi ana pansi pake. Papita zaka. Bamboyo anayamba kumumenya, kenako anasamukira kwa mkazi wina. Koma pa pepala akadali banja. Thandizo la pamwezi limawerengedwa pa mitu isanu, ndipo ngati khadi lili m'thumba mwa bamboyo, ndalama ya ana atatu aja ikukadyedwa kunyumba ina. Mayiyu akakanena kuti banja linatha, akuopa zibakera usiku omwewo, poti pa kampu nkhani imathamanga kuposa kabaza. Akakhala chete, tsiku lowerenganso anthu likadzafika wofunsidwa adzakhala iyeyo: bwanji simunanene?

Nde tikufunsa ifeyo: wakuba apa ndani?

Kwa amene simukudziwa, Dzaleka inali ndende ya akaidi a ndale nthawi ya Kamuzu. Mu 1994 inasanduka kampu ya anthu othawa kwawo, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Malowa anakonzedwa kuti asunge anthu pafupifupi 12,000. Pano muli anthu oposa 50,000. Lamulo lathu la othawa kwawo ndi la 1989, ndipo boma silimawalola kukhala kapena kugwira ntchito momasuka kunja kwa kampu. Mu 2023 boma linalamula kuti onse amene amakhala m'matauni abwerere ku Dzaleka pofika pa 15 April. Mwezi wa May apolisi anayamba kuwagwira mu Lilongwe, ana omwe, ena n'kukagonekedwa ku ndende ya Maula asanawapititse ku Dowa. Chaka chomwecho WFP inadula thandizo la chakudya ndi theka chifukwa ndalama zinachepa, ndipo mu 2025 America itadula thandizo lake kumayiko osauka zinthu zinangoipiraipira.

Tanena zonsezi kuti mumvetse chinthu chimodzi. Munthu amene wamuletsa kugwira ntchito, wamuletsa kutuluka, moyo wake wonse uli pa kaundula. Dzina likasowa pamenepo, poto sakhala pamoto. Ndipo maanja ambiri sanasinthe mwakufuna kwawo. Okwatirana ndi a Malawi anapatukana, ena anadzapanikizana m'nyumba za abale, kachipinda ka anthu anayi n'kugona khumi. Banja lasintha usiku umodzi chifukwa cha lamulo la boma, koma udindo wokafola pa mzere kukakonza pepala ukugwera mayi.

Musaganize kuti izi n'za maburundi okha, monga ena amanenera monyoza. Tulukani pa geti ya kampu, lowani m'midzi ya ku Dowa konkuno kapena kukwera ku Ntchisi. Kuli Mtukula Pakhomo. Pologalamuyi inayambira ku Mchinji mu 2006, pano ili m'maboma onse, ndipo imathandiza maanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu wogwira ntchito, kapena amene wamphamvuyo alipo mmodzi koma akusamalira anthu ambiri. Ndalama imatengera kuchuluka kwa anthu pakhomo, kuphatikizapo kangachepe ka ana amene ali pasukulu. Maanja ambiri olandira amatsogoleredwa ndi amayi: amasiye, agogo olera zidzukulu, osiyidwa ukwati. Ndi pologalamu yabwino, yapulumutsa ana ambiri ku njala. Koma taonani msampha wake. Mwamuna uja anapita ku Joni zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo osatumiza olo ndi K500 yomwe, wabwera ndi kachikwama ndi chifuwa. Wagona sabata ziwiri. Aneba ayamba kale kunong'ona kuti pakhomo paja pali bambo, bwanji akulandirabe? Sabata yachitatu bamboyo wasowanso. Mayiyu akanakanena kuti "kwabwera wamphamvu", akanaika pachiswe ndalama ya mayunifolomu chifukwa cha mlendo. Sananene, nde akutchedwa wadyera.

Lamulo lathu la maukwati la 2015 limati anthu ongokhalira limodzi khoti lingawatenge ngati okwatirana pokhapokha atakhala limodzi zaka zosachepera zisanu. Zaka zisanu, ndiponso woweruza ndi khoti. Koma ikafika nkhani ya thandizo, nsapato za mwamuna zikaoneka pakhomo m'mawa umodzi, mudzi wagamula kale kuti mayiyu ali pabanja ndipo akudyetsedwa. Ndani anakuuzani kuti mwamuna aliyense wogona m'nyumba amagula ufa? Asisi, tonse tikuwadziwa amuna amene amabwera kudzadya, osati kudzadyetsa.

Ndipo musati n'chifukwa choti ndife osauka. Ku UK, komwe abale athu ambiri akugwira ntchito yosamalira okalamba, munthu wamkulu akamakhala yekha m'nyumba amamuchotsera 25 peresenti pa msonkho wa khonsolo, council tax. Palinso thandizo lolipirira lendi. Ukangoyamba kukhala ndi munthu wina umayenera kunena, ukapanda kunena amakubwezetsa ndalama, nthawi zina mpaka kukhoti. Nakonso funso limakhala lomweli: chibwenzi chimagona kangati pasabata kuti chisanduke "banja"? Ofufuzidwa kawirikawiri ndi amayi olera okha ana. Thandizo lawo la Universal Credit limalowa mu akaunti imodzi pa banja, ndipo mabungwe a amayi kumeneko akhala akudandaula kuti izi zimapatsa mwamuna wankhanza chingwe chomangira mkazi wake. Dziko lolemera, ofesi zamakompyuta, koma maganizo ndi omwe aja a pa Dzaleka ndi a ku Ntchisi: mkazi akakhala pafupi ndi mwamuna ndiye kuti wapeza womusunga.

Tikudziwa zomwe ena ayankhe. Ndalama ndi yochepa. Munthu akamalandirira wakufa kapena amene anachoka kalekale, akulanda mwana wina amene akugona ndi njala. N'zoona, ndipo sitikukana. Mayina a mizukwa alipo, ndipo ifeyo sitikuuza mayi aliyense kuti aname. Koma tiyeni tiyeze bwino. Dziko lino linaona Cashgate mu 2013, mabiliyoni akutuluka ku Capital Hill m'mabuti a galimoto. Mu 2022 tinamva kuti K750 miliyoni ya feteleza wa AIP inalipidwa ku kampani yogulitsa nyama ku UK. Amenewo sanali amayi a pa Dzaleka. Sanali agogo a ku Ntchisi amene anachedwa kukanena kuti mdzukulu wapita kwa azakhali ake ku Kasungu. Bwanji ukali wathu umathera pa wofooka, wamphamvu tikumuitana bwana?

Komanso tifunse: kunena n'kophweka? Kuti ukasinthe kaundula umafunika tsiku lathunthu pa mzere, mwana kumsana, geni itaima. Umafunika kufotokoza za kuchipinda kwako pamaso pa anthu, mwina kudzera mwa womasulira amene ndi neba wa mwamuna wako. Kumudzi umafunika kudutsa kwa komiti imene muli achibale a apongozi ako. Ndipo ukanena sudziwa chidzachitike n'chani: ndalama iima miyezi ingati pamene akukonza? Dongosolo limene limalanga munthu wonena zoona kenako n'kudabwa kuti anthu akukhala chete, vuto lili pa dongosololo.

Nde zomwe tikufuna ndi izi, kwa a Dipatimenti yoona za othawa kwawo, UNHCR, WFP, Unduna woona za jenda ndi makhonsolo a Dowa ndi Ntchisi.

Choyamba, mkazi wamkulu aliyense akhale ndi njira yolandirira gawo lake ndi la ana amene akuwalera m'manja mwake, osadikira chilolezo cha "mutu wa banja". Ndalama ya ana itsate poto amene anawo akudyapo.

Chachiwiri, mayi wothawa nkhanza athe kupatula dzina lake pa kaundula mwachinsinsi, mwachangu, popanda siginecha ya womumenyayo. Tili ndi lamulo loteteza ku nkhanza za m'banja kuyambira 2006. Lisathere pa geti ya kampu.

Chachitatu, thandizo lisaime pamene pepala likukonzedwa. Ana sadya "tikuunikabe".

Chachinayi, pakhale tanthauzo lolembedwa, m'Chichewa, Chiswahili, Chirundi ndi Chinyarwanda, loti munthu amawerengedwa wa pakhomo akakhala nthawi yaitali bwanji komanso akamathandiza motani. Mphekesera za aneba zisakhale umboni.

Chachisanu, asanachotse dzina la munthu, amuuze chifukwa chake, amumve, ndipo pakhale kokadandaula kumene kuli amayi omvetsera.

Kwa inu asisi amene zili pa inu panopa, kapena mayi anu kumudzi: banja likasintha, kaya ndi imfa, kubadwa kwa mwana, kutha kwa ukwati, kanenani, koma musapite nokha. Tengani mnzanu wodalirika. Lembani tsiku limene mwanena ndi dzina la ofesi, pemphani kapepala, kajambuleni pafoni. Ngati pali nkhanza, yambirani ku Victim Support Unit ya polisi kapena kwa alangizi a zachitetezo cha amayi, kuti nkhani ya khadi iyende limodzi ndi nkhani ya chitetezo chanu. Ndipo inu a m'tauni amene mumatumiza ya sopo pa Airtel Money kapena Mpamba, imbani foni muwafunse amayi anu kuti pa kaundula analembedwa ndani. Mwina mudabwa kupeza kuti ndi amalume.

Tikudziwa kuti ena mwa ife tinaombera m'manja mu 2023 pamene mashopu a othawa kwawo ankatsekedwa, ati akutilanda bizinesi. Tiyeni tidziyang'ane. Mayi wa pa Dzaleka amene akuopa kukanena kuti mwamuna anamusiya, ndi mlongo wathu wa ku Mponela amene akuopa zomwezo, akulimbana ndi chinthu chimodzi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ifeyo nkhaniyi sitiisiya mpaka dzina la mayi liime palokha pa kaundula. Mukamva wina akuti "azimayi amenewa amanama kuti alandire", mufunseni kuti khadi akusunga ndani.